Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre pa nkhani ya maola a ntchito ndi ovataimu

A tcheyamani, akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse a gulu lathu kuno ku Zomba,

Munandituma ku Blantyre kukakuimirirani pa msonkhano wa anthu ogwira ntchito yojambula mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV, ndipo munandisenzetsa mafunso awiri: lamulo limati chiyani pa maola amene timagwira, nanga tingatani kuti maola owonjezera azilipiridwa? Ndalemba lipotili kuti muwerengeretu tisanakumane Loweruka, ndiponso kuti anzathu a ku Domasi, Songani ndi Thondwe amene thiransipoti imawavuta asatsalire m'mbuyo.

Kunabwera a kamera, a sawundi, a magetsi, opaka zodzoladzola, oedita, madalaivala ochepa, ndi eni mafilimu angapo amene anaitanidwa dala kuti adzamve ndi makutu awo. Otitsogolera anali loya wa nkhani za ntchito ndi mayi wina amene wakhalitsa m'mabungwe a anthu apantchito.

Chachikulu chimene ndabwera nacho ndi ichi. Tikamagwirizana ntchito timangonena kuti "ndalama zakuti pa tsiku", koma sitinena kuti tsikulo liyamba nthawi yanji ndipo litha nthawi yanji. Zili ngati kugulitsa chimanga ndi ndowa imene wogula ndiye akunena kuti yadzaza liti. Nonse mukudziwa momwe shuti ya kuphiri la Zomba imakhalira. Mumakumana m'tauni 4 koloko m'bandakucha kuti dzuwa likatuluke muli ku Emperor's View. Mukafika mupeza nkhungu, mudikira. Masana mutsikira ku damu la Mulunguzi, madzulo dayirekita akuti pali kasini kamodzi ka usiku kotsala. Jenereta ikamazimitsidwa ndi cha m'ma 10 koloko, ndipo a magetsi ndiye akuyamba kumene kupinda mawaya. Onsewo maola 18 kapena kuposa, malipiro ndi a tsiku limodzi. Nditafotokoza zimenezi, a ku Lilongwe ndi a ku Mzuzu anati n'chimodzimodzi kwawo, kusiyana malo okha.

Loya uja anatitengera mu lamulo la ntchito lotchedwa Employment Act ya 2000 pang'onopang'ono. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48, osawerengera ovataimu. Wogwira masiku 6 pa sabata, tsiku lake ndi maola 8. Munthu asagwire masiku oposa 6 motsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Ovataimu ili mitundu itatu: ya tsiku wamba la ntchito imalipiridwa malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku lako lopuma ndi ya holide ya boma imalipiridwa kawiri.

Anatiwerengetsa chitsanzo pa bolodi, ndipo ndikuchibwereza kuti aliyense aike manambala ake. Tiyerekeze kuti munagwirizana K40,000 pa tsiku la maola 8. Ola limodzi ndi K5,000. Mwagwira maola 14, ndiye kuti 6 ndi owonjezera, lililonse pa K7,500. Imeneyo ndi K45,000 pamwamba pa K40,000 ija. Munthu amayenera kulandira K85,000, koma amapita kunyumba ndi ndalama yosakwana theka lake, n'kuthokozanso kuti ntchito yapezeka. M'chipindamo munakhala chete kwa kanthawi.

Mnyamata wina wa sawundi anafunsa funso limene ambirife tinali nalo: kodi lamuloli likutikhudza ife amene timaitanidwa pa WhatsApp kuti tikagwire masiku atatu? Eni ntchito amati ndife aganyu, kapena ndife abizinesi odziimira patokha. Loya anayankha kuti Employment Act imazindikira kontirakiti ya mitundu itatu: yosatchula nthawi yothera, ya nthawi yoikika, ndi yogwira ntchito inayake mpaka ithe. Filimu kapena pulogalamu imalowa bwino mu mtundu wachitatuwu. Anatinso lamulo siliyang'ana dzina limene mwapatsidwa, limayang'ana momwe mukugwirira. Ngati wina ndiye amakuuzani nthawi yofika, malo, chochita ndi nthawi yoweruka, ndipo chakudya chanu chikudalira iyeyo, muli pafupi ndi wolembedwa ntchito kusiyana ndi wabizinesi. Koma anachenjeza, ndipo ndikufuna mumve bwino ena a inu amene muli ndi makamera anu: amene amabwera ndi zida zake, n'kupereka invoisi m'dzina la kampani yake, nkhani yake imatha kuoneka mwina. Chitetezo chake ndi zimene zalembedwa mu kontirakiti basi.

Dandaulo limayambira kwa ofesala wa leba wa m'boma, zikakanika limapita ku Industrial Relations Court, khoti loona nkhani za ntchito. Kulikonseko adzakufunsani umboni wa maola. "Tinaweruka usiku kwambiri" si umboni.

Masana otitsogolera aja anatifotokozera za anzathu akunja, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa pali zotiphunzitsa. Ku America ndi Canada ogwira ntchito kuseri kwa kamera ali ndi bungwe la IATSE, limene linayamba mu 1893. M'mapangano awo akuluakulu a ku Hollywood, maola opitirira 8 amalipiridwa ola ndi theka, opitirira 12 kawiri, ndipo mu mgwirizano wa 2024 anawonjezera kuti tsiku likadutsa maola 15 malipiro akhale katatu. Chakudya chimayenera kubwera pasanathe maola 6, chikachedwa kampani imalipira chindapusa kwa aliyense, ndipo chindapusacho chimakula pamene nthawi ikupita. Cholinga cha zonsezi si kulemeretsa antchito ayi. N'choti tsiku lalitali likhale lodula kwambiri kwa mwini filimu mpaka aone kuti kuli bwino kukonza ndondomeko yake.

Ngakhale zili choncho, mu Okutobala 2021 mamembala pafupifupi 60,000 a IATSE anafunsidwa ngati avomereza sitalaka, ndipo mwa amene anavota, oposa 98 pa 100 alionse anati inde. Chimene chinawakwiyitsa kwambiri sichinali ndalama, chinali tulo. Ankadandaula za shuti zoyamba Lachisanu madzulo n'kutha Loweruka m'mawa, Lolemba n'kuyambanso m'mamawa. Sitalakayo sinachitike. Anagwirizana kuti pakhale maola 10 opuma pakati pa kuweruka ndi kuyambanso, ndi maola 54 kumapeto a sabata kwa ogwira masiku 5. Mgwirizanowo unadutsa movutikira chifukwa ambiri ankaona kuti sunathetse masiku a maola 14. Ku Britain bungwe lawo ndi Bectu, ndipo mgwirizano wawo ndi opanga masewero a pa TV umene unayamba mu Januwale 2023 umati tsiku lojambula ndi maola 10, ola la chakudya lili padera. Lamulo la dzikolo limapereka maola 11 opuma pakati pa tsiku ndi tsiku.

Anatchulanso Brent Hershman, wothandizira pa kamera amene anamwalira mu 1997 ku California pa ngozi ya galimoto, akubwerera kwawo atagwira ntchito maola 19. Imfa yake ndi imene inachititsa katswiri wa kamera Haskell Wexler ndi anzake kulimbikira mfundo yoti maola 12 ku ntchito, maola 12 kopuma. Kafukufuku wa ku Australia wa chaka chomwecho anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Ine ndikumva zimenezi ndimaganiza za dalaivala wathu amene amadzuka woyamba kukatenga anthu ku Matawale, Chinamwali ndi Mpondabwino, n'kukhala tsiku lonse akutumidwa uku ndi uku, kenako usiku n'kutsitsa minibasi yodzaza anthu ndi zida pa msewu wokhotakhota wa ku Ku Chawe. Kapena wobwerera ku Blantyre kudzera ku Namadzi pakati pa usiku. Palibe ovataimu imene ingamuchotse tulo m'maso.

Pa chifukwa chimenechi, pamene anthu anagawikana, ine ndinaima ndi amene amati malire a maola ndi nthawi yopuma zikhale patsogolo, ndalama zitsatire. Ena, makamaka achinyamata, ankati tisaike malire, bola azilipira, chifukwa ntchito imabwera mwa apo ndi apo ndipo munthu akaipeza afinyemo zonse. Ndikuwamvetsa, nanenso lendi imandidikira. Koma tikalola kuti maola 18 ndi abwino malinga alipiridwa, mawa adzatiuza kuti ovataimu ili kale m'kati mwa ndalama ya pa tsiku, ndipo tidzakhala tabwerera pomwe tili lero. Ngati gulu likuona kuti pamenepa sindinakuimirireni bwino, mudzanene Loweruka, chifukwa mpata wosintha ulipo.

Eni mafilimu nawo anayankhula, ndipo sanayankhule zopanda mutu. Anati ndalama zopangira filimu kuno n'zochepa, ambiri amatulutsa m'thumba mwawo. Kamera ndi magetsi amabwereka pa tsiku, malo ogona amalipira pa tsiku, ndiye amapanikiza ntchito ya masiku 10 kuti ithe masiku 6. Magetsi akathima kapena mvula ikagwa, nthawi yotayikayo alipire ndani? Bambo wina wa magetsi wa ku Lilongwe anawayankha modekha kuti mwini jenereta salandira theka chifukwa kunagwa mvula, wogulitsa mafuta sachotsera, nanga bwanji munthu yekha ndiye azipereka maola ake ulere? Mayi wina wopanga mapulogalamu anavomera kuti pa ntchito za mabungwe ndi zotsatsa malonda ndalama ya ovataimu ikhoza kulowa mu bajeti ngati onse opikisana pa ntchitoyo akuiika. Mantha ake ndi oti iye akaiika yekha, ntchito ipita kwa amene sanaiike. Ameneyu ndiye ananena zoona zenizeni, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siingathe ndi munthu mmodzimmodzi kukambirana ndi bwana wake.

Tinakangananso nthawi yaitali pa funso loti tsiku limayamba liti. Ena ankati kamera ikayamba kujambula. Opaka zodzoladzola ndi a magetsi anakana, ndipo anali ndi mfundo: iwo amafika ola limodzi kapena awiri ena asanafike, a magetsi n'kuchokanso omaliza. Tinamanga kuti tsiku la munthu liyambe nthawi imene iyeyo wauzidwa kufika, lithe pamene wamaliza kulongedza. Za nthawi ya pa ulendo, monga kuchoka m'tauni kupita ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa, sitinamvane, zatsalira msonkhano wotsatira. Za oedita nazonso zinangokhudzidwa pamwamba, ngakhale ndi amene amachezera usiku wonse ntchito ikamafunika m'mawa. Ndapempha kuti ulendo wina adzapatsidwe nthawi yawoyawo.

Zimene msonkhano unavomereza kuti zipite ku magulu onse ndi izi. Malipiro a pa tsiku akhale a maola 8 a ntchito, ola la chakudya lili padera. Opitirira pamenepo alipiridwe monga lamulo likunenera. Tsiku lisadutse maola 12, ndipo pakhale maola osachepera 10 munthu asanaitanidwenso. Shuti ikatha usiku, mwini ntchito apereke galimoto kapena malo ogona, osati kusiya atsikana ndi anyamata pa depoti kuti akasake kabaza. Izi sizinakhale pangano ndi wina aliyense, ndi zokambirana chabe zimene magulu akuyenera kuvomereza kapena kukonza.

Pa nkhani ya yuniyoni, mayi wotitsogolera uja anatikumbutsa kuti gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa malipiro oyenera ndi wolowa kapena kuyambitsa bungwe la antchito, ndipo Labour Relations Act ya 1996 ndi imene imafotokoza kalembetsedwe kake ndi kakambiranidwe ndi olemba ntchito. Film Association of Malawi ilipo ndipo ili ndi ntchito yake, koma m'menemo muli eni mafilimu ndi antchito pamodzi, choncho singakhale mbali imodzi pokambirana za malipiro. Njira zili ziwiri: kulembetsa yuniyoni yathuyathu, kapena kupempha kulowa mu ina imene ili kale pansi pa MCTU (Malawi Congress of Trade Unions), bungwe lalikulu la mayuniyoni. Ine ndikuona kuti yachiwiriyi ndi yachangu, poti ndife ochepa ndipo tamwazikana, koma gulu ndilo ligamule.

Chimene tingayambe sabata ino osadikira aliyense ndi kulemba maola. Ndabwera ndi fomu ya tsamba limodzi: dzina la ntchito, tsiku, nthawi yofika, nthawi ya chakudya, nthawi yoweruka, ndi posaina woyang'anira shuti. Akakana kusaina, lembanibe, mnzanu wa pa shutipo asaine ngati mboni, ndipo musafufute uthenga umene anakuitanirani. Msonkhano wapempha kuti magulu onse asonkhanitse mafomuwa kwa miyezi itatu, kuti tikadzakhala pansi ndi eni ntchito tidzakhale ndi manambala athu enieni. Mayina a anthu adzachotsedwa mafomu asanatumizidwe, poti ena anaopa kuti sadzaitanidwanso.

Loweruka ndikupempha kuti tidzagamule zinthu zitatu: ngati tikuvomereza malire a maola 12 ndi kupuma kwa maola 10, njira imene tikufuna pa nkhani ya yuniyoni, ndi munthu amene azisunga mafomu. Madalaivala ndi oedita, chonde mudzabwere, chifukwa zanu ndi zimene zatsala osamangidwa. Malisiti a ndalama ya ulendo ndapereka kale kwa msungichuma.

Ine mthumwi wanu.