Kalata ya kadontho kofiira

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo mwa zonse zimene munalemba, funso limodzi ndi limene landikhala pamtima, lija lakuti kodi ndimapitabe kukaona zithunzi zopenta monga tinkachitira tili limodzi. Ndimapitabe ndithu. Nyumba yogulitsiramo zithunzi ija sinasinthe kachitidwe kake. Pachaka imaika zionetsero zingapo motsatira nyengo, chilichonse chimakhala pakhoma masabata 5 kapena 6, kenako amatsitsa zonse, amamata mabowo a misomali, amapakanso khoma penti woyera, ndipo pakatha masiku ochepa munthu amalowa m'chipinda chomwecho ngati sanalowemo n'kale lonse. Kale kusintha kumeneku kunkandisangalatsa, koma masiku ano kwayamba kundilemera, ndipo chifukwa chake ndi kadontho kofiira.

Chionetsero cha nyengo ino chinatsegulidwa masabata atatu apitawo. Ine ndinapita tsiku lachitatu lake, m'mawa, nthawi imene m'chipindamo mumakhala zii. Pakhoma lakumapeto pali chithunzi chachikulu cha penti wa mafuta, chachitali kuposa ine, chosonyeza mayi atakhala chofulatira, akuyang'ana pawindo limene kunja kwake sikukuoneka kanthu kalikonse koma kuwala. Wojambulayo anapaka penti wokhuthala pamapewa ndi pamsana, moti ukaima chapambali umaona mizere ya burashi itatumphuka, koma pawindopo anapaka mopyapyala kwambiri mpaka ulusi wa chinsalu ukuonekera. Ndinaimapo nthawi yaitali. Nditatsitsa maso kuti ndiwerenge dzina la chithunzicho, ndinapeza kuti pakapepalapo pamatidwa kale kadontho kofiira, kutanthauza kuti chagulidwa. Mtsikana wolandira alendo uja anandiuza kuti chinagulidwa chionetsero chisanatsegulidwe n'komwe, pakuti ogula odziwika amatumiziridwa zithunzizo pafoni kapena pakompyuta masiku angapo chitseko chisanatsegukire anthu wamba. Ndiye kuti mwini wake watsopanoyo anachigula atachiona chaching'ono ngati chikhatho, asanaone mapewa otumphuka aja.

Kuyambira tsiku limenelo ndabwererako kanayi, ndipo ndimawerenga masiku otsala ngati munthu amene mlendo wake watsala pang'ono kunyamuka. Mwezi ukatha adzachikulunga, adzachiika m'bokosi, ndipo chidzalowa m'nyumba ya munthu amene sindikumudziwa, kapenanso m'chipinda chosungiramo katundu mmene mulibe woona. Usiku ndimagona ndikuganiza za zithunzi zonse zimene inu ndi ine tinaona m'chipinda chomwecho zaka zonse zija, ndipo ndikaziwerenga ndimapeza kuti palibe n'chimodzi chomwe chimene ndingathe kukachionanso. Mwina mudzati ndakuza nkhani yaing'ono, inu amene munkanena kuti chithunzi chopanda nkhope ya munthu ndi penti wotayika, ngakhale kuti ndinu nomwe munkatsalira m'mbuyo tikamatuluka. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chithunzi chabwino sichiulula zonse pa ulendo umodzi. Nanga munthu adekha bwanji pamene wapatsidwa masabata 6 okha?

Musandimve ngati ndikudzudzula ogulitsa. Nyumba yotere si malo osungirako zinthu zakale, ndi malonda, ndipo popanda kadontho kofiira chitseko chingatsekedwe. Kawirikawiri wojambula amangosiya zithunzi zake m'manja mwa ogulitsa osalandira kanthu, ndipo chimodzi chikagulidwa amagawana ndalamazo, nthawi zambiri theka ndi theka. Pa theka lawolo ogulitsa amalipirapo lendi, magetsi, antchito, inshuwalansi, mtengo wonyamulira ndi timabuku ta chionetsero, ndipo zikapanda kugulidwa amaluza okha. Ndiponso mbiri imawachitira umboni. Wogulitsa zithunzi wa ku France Paul Durand-Ruel anakumana ndi ojambula Claude Monet ndi Camille Pissarro ku London cha m'ma 1870 ndi 1871, n'kuyamba kugula zithunzi zawo pamene anthu ambiri ankaziseka, mpaka anatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, ndipo zinthu zinayamba kumuyendera atapita nazo ku New York mu 1886. Wogulitsa wina, Ambroise Vollard, ndiye anapatsa wojambula Paul Cézanne chionetsero chake choyamba cha yekha ku Paris mu 1895, Cézanne atakula kale. Popanda anthu otere, ojambula ambiri akanasiya ntchito ndi njala. Chimene chikundivuta ine ndi liwiro.

Liwiroli lili ndi gwero lake. M'mizinda ikuluikulu ya malondawa, monga London, Paris ndi New York, chaka cha zionetsero chimayamba mu September, nyumba zambiri zitapumula mu August, ndipo pakati pake pamabwera misika ikuluikulu imene ogulitsa sangaiphonye. Art Basel, imene inayamba mu 1970, imachitika mu June, ndipo Frieze ya ku London, imene inayamba mu 2003, imachitika mu October. Msika uliwonse umafuna zithunzi zatsopano zimene ogula sanazionepo. Choncho kalendala ndiyo imalamula, ndipo wojambula amafunsidwa kuti zithunzi zidzatha liti asanafunsidwe kuti akujambula chiyani.

Apa ndiye pakulowa nkhani ya achemwali anu, amene nawonso ndi wojambula. Ndikhulupirira anakuuzani kale kuti awapatsa chipinda chonse nyengo ikubwerayi, okha, kwa nthawi yoyamba. Tonse tinakondwera, ndipo aphunzitsi athu aja analephera kulankhula atamva. Koma ine nditapita kumene amagwirira ntchito Loweruka, ndinabwerako ndi nkhawa. Awauza kuti apereke zithunzi 12, atsala ndi miyezi 4, ndipo zomalizidwa ndi zisanu. Mukudziwa mmene amapakira penti, mokhuthala, nthawi zina ndi mpeni. Penti wa mafuta sauma ngati chovala chochapa, chimene madzi amangouluka. Mafutawo amalimba pang'onopang'ono akamakhudzana ndi mpweya, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, moti pamwamba pangaoneke pouma patangopita masiku ochepa pamene m'kati mudakali mofewa kwa miyezi. N'chifukwa chake amalangiza kudikira miyezi 6 kapena kuposerapo asanapake vanishi womaliza. Ukafulumira, n'kupaka penti wouma msanga pamwamba pa wina amene akadali kuyenda, pamwambapo pamadzang'ambika ming'alu patapita zaka, chithunzicho chili kale m'nyumba ya wogula, ndipo dzina loipa limagwera wojambula. Ndinakhudza ndi nsonga ya chala m'mphepete mwa chithunzi chimodzi chimene iwo ankati chatha, ndipo chala changa chinabwerako chobiriwira.

Iwo akuganiza zosinthira ku penti wa acrylic, amene amauma pa ola limodzi kapena kuchepera apo chifukwa m'kati mwake muli madzi. Ambiri amajambula naye bwino kwambiri, sindikumunyoza. Koma dzanja lawo linaphunzira ndi penti wochedwa, amene amalola kubwererapo mawa lake, kukanda, kusakaniza mitundu pachinsalu pomwepo. Kusintha penti chifukwa cha tsiku lolembedwa pakalendala kukundiopsa kuposa ming'alu. Mlamu wanu akuti ndisiye kuwawopseza, pakuti kufulumira kotere si kwa lero. Akunena zoona. Ngakhale liwu lachifalansa limene mayiko ambiri amatchulira madzulo otsegulira chionetsero, vernissage, limachokera ku kupaka vanishi, chifukwa kale ojambula ankaloledwa kulowa chionetsero chisanatsegulidwe kuti amalizitse ntchito zithunzi zili kale pakhoma. Ku Royal Academy, bungwe la ojambula la ku London, kumene chionetsero cha chilimwe chakhala chikuchitika chaka ndi chaka kuyambira 1769, J. M. W. Turner ankadziwika ndi kumalizira zithunzi zake pamasiku amenewo anzake akuonerera. Koma zimenezi sizinditonthoza kwenikweni. Chonde alembereni, mwina inu adzakumverani. Auzeni kuti kupereka zithunzi 8 zolimba kuli bwino kusiyana ndi 12 zonyowa, ndipo ogulitsa anzeru adzamvetsa.

Pali zinanso zing'onozing'ono zimene zimandisowetsa mtendere m'nyumba ija. Timapepala ta mayina amatilemba ndi zilembo zazing'ono zotuwa pakhoma loyera, moti munthu amachita kuwerama ngati akufuna singano. Nyali ziwiri anaziloza molakwika, ndipo kuwala kwake kumagunda pa vanishi n'kubwerera m'maso, kotero kuti chithunzi china chakuda sichioneka pokhapokha utaima pakona. Ndinawauza mwaulemu sabata yatha, koma nditabwererako ndinapeza zili chomwecho. Fungo la penti wa pakhoma limakhalabe m'chipindamo mpaka sabata yachiwiri. Madzulo otsegulira ndinasiya kupitako, chifukwa anthu amadzaza, amaima chofulatira zithunzi akucheza, ndipo amene atembenuka amangokweza foni, kujambula, n'kupitirira. Ndimaopa kuti tsiku la achemwali anu lidzakhalanso chimodzimodzi, ndipo wina adzatsamira pachinsalu chonyowa ndi jekete lake.

Munafunsanso ngati wojambula amapindulapo chithunzi chake chikadzagulitsidwanso pamtengo wokwera. Zimatengera dziko. France inakhazikitsa lamulo lotere mu 1920, lopatsa wojambula kagawo kakang'ono pa malonda otsatira, ndipo mayiko ena ambiri anatsatira, koma si onse. Achemwali anu ayenera kuwerenga bwino pangano lawo asanasaine, makamaka ponena za tsiku lolandira ndalama chithunzi chikagulidwa, za amene adzalipire mafelemu, ndi za zithunzi zotsala zosagulidwa, kuti zidzabwezedwa liti. Apemphenso kuti azidziwitsidwa kumene chithunzi chilichonse chapita, chifukwa tsiku lina adzafuna kuzibwereka kuti azionetse pamodzi, ndipo popanda zolembedwa sadzadziwa koyambira.

Mawa ndipitanso kukaona mayi wa pawindo uja, pakuti kwatsala masiku 16. Ulendo watha ndinazindikira kuti pansi pa mpando wake pali mthunzi wa munthu wachiwiri amene wojambulayo anamufufuta koma osamaliza, ndipo sindinagone poganiza ngati anasiya dala kapena nthawi inamuthera. Palinso kachithunzi kena kakang'ono kuseri kwa chitseko, kamene palibe wakamatapo kadontho, ndipo ndakhala ndikudzifunsa ngati ine, ndi kangachepe kamene ndili nako, ndingathe kufunsa ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, koma pepala latha ndipo dzanja latopa, zotsalazo ndidzalemba

Ine mnzanu wa kalekale.