Mankhwala akalephera kuthetsa mawu, tisafulumire kunena kuti zakanika

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za anthu amene amamva mawu pomwe palibe amene akuwalankhula, makamaka aja amene amwa mankhwala zaka ndi zaka koma mawuwo osaleka. Mchemwali wanga ndi mmodzi mwa iwo. Kwa zaka 9 wakhala akumva bambo wina akufotokoza chilichonse chimene iye akuchita: "Wanyamula kapu. Waika pansi. Taonani kupusa kwake." Usiku ndinkamupeza atakhala pakama, kawailesi atakakanikiza pakhutu, kuti mwina nyimbo ziphimbe bamboyo.

Kuchipatala nkhani inkatha msanga. "Mawu akadalipo?" "Eya." Basi adokotala n'kuwonjezera mlingo wa mapilitsi omwe aja. Manja anayamba kunjenjemera, khosi kuuma, tulo usana wonse, koma bambo uja ali chilankhulire. Tsiku lina tinauzidwa kuti tingozolowera. Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba kalatayi.

Mchemwali wanga sali yekha. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse odwala matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, amene kawirikawiri amachititsa munthu kumva mawu otere, sathandizika mokwanira ndi mankhwala oyambirira. Ndipo madokotala ali ndi muyezo wake: amati mankhwala alephera pokhapokha munthu atayesa mitundu iwiri yosiyana, pa mlingo woyenera, uliwonse kwa milungu yosachepera 6, akumwadi. Mawu akuti "akumwadi" ndi ofunika. Ife tinadzatulukira mapilitsi a miyezi iwiri atabisidwa m'sokosi, chifukwa mawu ankamuuza kuti ndi poizoni. Sindimuimba mlandu; inunso mukanamva chenjezo lotere maulendo makumi patsiku mukanakayika. Pa vuto ngati limeneli pali jekeseni wobaya kamodzi pa milungu ingapo. Pafunikanso kufufuza zina zimene zimabweretsa kapena kukulitsa mawu, monga kugontha, khunyu, mowa, chamba ndi kusagona. Ngakhale fodya amachepetsa mphamvu ya mankhwala ena m'magazi, monga olanzapine.

Zonsezi zikafufuzidwa mawu n'kukhalapobe, pali mankhwala otchedwa clozapine. Pa kafukufuku amene John Kane ndi anzake anafalitsa ku America mu 1988, mwa odwala amene mankhwala ena anawalephera, 30 pa 100 alionse anapeza bwino ndi clozapine m'milungu 6, pomwe pa mankhwala akale otchedwa chlorpromazine anali 4 okha pa 100. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika clozapine pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Si mankhwala oseweretsa ayi. Mwa anthu ochepa amagwetsa maselo oyera a m'magazi, amene amateteza thupi ku matenda, moti pamafunika kuyezetsa magazi mlungu uliwonse m'miyezi yoyambirira. Amanenepetsa, amadzimbiritsa, ndipo pilo amadzuka atanyowa ndi dovu. Komabe banja liyenera kuuzidwa kuti mankhwalawa alipo, kuti lisankhe likudziwa. Ife dzinali tinalimva patatha zaka 7.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'china. Pa zaka zonsezo panalibe amene anamufunsa kuti, kodi mawuwo amati chiyani? Ndi a ndani? Amabwera nthawi yanji? Ngakhale ine mlongo wake ndinkangoti, "Palibe munthu pano, gona." Ndinkaopa kuti kukamba za mawuwo ndi kuwapatsa mphamvu. Ndinkalakwitsa.

Mu 1987 dokotala wa matenda a maganizo ku Netherlands, Marius Romme, anaonekera pa wailesi yakanema ndi wodwala wake, n'kupempha anthu omva mawu kuti awayankhe. Anayankha anthu mazana, ndipo ena mwa iwo ankakhala bwinobwino ndi mawu awo, akugwira ntchito ndi kulera ana. Iye ndi Sandra Escher anayamba kufunsa kuti anthu amenewa amatha bwanji. Apa ndi pamene panachokera magulu a anthu omva mawu, amene lero amakumana m'mayiko ambiri kuti aphunzitsane. Palinso uphungu wotchedwa CBT, umene sulonjeza kuchotsa mawu, koma umathandiza munthu kuyesa ngati mawuwo alidi ndi mphamvu zimene amadzitama nazo. Ku London anayesanso njira yakuti wodwala apange pakompyuta nkhope ya mwini mawu, kenako aphunzire kuiyankha mosaopa. Zotsatira za anthu 150 zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kusintha kwabwino pa milungu 12, ngakhale pofika milungu 24 kusiyana ndi uphungu wamba kunali kutazilala. Ndanena dala zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikutsatsa chozizwitsa.

Namwino wina, amene tinangokumana naye mwamwayi, ndiye anayamba kufunsa. Anapatsa mchemwali wanga kope kuti azilemba ola ndi zimene wamva. Patatha mwezi tinaona tokha kuti bamboyo amalusa madzulo, makamaka akagona mochedwa kapena pakhomo pakakhala mkangano. Ndipo tsiku lina, akuyang'ana pansi, ananena kuti mawuwo amafanana ndi a munthu wina amene ankamuzunza ali mwana. Zaka 9 tili nyumba imodzi, ine osadziwa.

Sindikuuza aliyense kuti asiye mankhwala. Kusiya mwadzidzidzi kumabwezeretsa matenda, nthawi zina mwamphamvu kuposa poyamba. Ndipo mawu akayamba kulamula munthu kuti adzivulaze kapena avulaze ena, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anamulembera. Pempho langa kwa madokotala ndi anamwino ndi lakuti musanawonjezere mlingo kachitatu, werengani mitundu imene yayesedwa kale, tchulani clozapine ngati nthawi yake yakwana, ndipo funsani zimene mawuwo akunena.

Mchemwali wanga tsopano ali pa clozapine chaka chachiwiri, ndipo kope lija akulembabe. Bambo uja sanachoke, koma amalankhula ngati ali kuseri kwa khoma. Dzana ndinamumva ali pochapa akunena motsitsa mawu kuti, "Dikirani kaye ndimalize, ndikumverani 6 koloko." Anamalizadi kuchapako, n'kuyanika.

Ine wowerenga wanu,
Mlongo wake wa wodwala