Tithandizeni kupeza mbiri ya mzungu amene anabereka agogo athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ife a ku Nkhotakota kuno amene magazi athu anasakanikirana ndi azungu oyamba aja.

Agogo awo a mayi anga anali mwana wa mzungu wa ku Mangalande yemwe ankagula mpunga kunyanja kuno, boma lino likutchedwabe Kota Kota. Dzina lake lenileni palibe akulidziwa. Tinangotsala ndi dzina lomwe anthu anamupatsa pamudzi ndi chithunzi chimodzi chakuda ndi utsi, iyeyo wakhala pampando chipewa chili pabondo, kumbuyo kwaima mzimayi wobereka mwana koma nkhope yake njenjete zinadya kalekale. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mzunguyo atachoka amalume anangomutenga mwanayo nkumulera, za bambo wake panalibenso wofunsa.

Chomwe chimandiwawa nchakuti za azungu otchuka zonse zinalembedwa, Livingstone kukumana ndi Jumbe, mfumu ya Aswahili ya kuno, pansi pa mtengo uja mu 1863, Harry Johnston kupanga pangano ndi Jumbe mu 1889, Bishopu Chauncy Maples kumira m'nyanja mu 1895, koma amayi athu amene anawaberekera ana azungu amalonda ndi aboma aja olo dzina lawo papepala simulipeza. Mwina adzukulu a mzunguyu ku England ali ndi mndandanda wa makolo awo wonse pa intaneti koma sadziwa nkomwe kuti kuno ali ndi abale.

Ku National Archives ku Zomba kuli mapepala, ngakhale ambiri akale anapsa ndi moto wa 1919, komanso ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Vuto ndi loti popanda dzina lenileni uyambira pati? Chiyembekezo changa chili pa mabuku akale a ubatizo m'matchalitchi ndi pa agogo omwe akadali moyo, ndipo agogowo akutha ndithu.

Sitikufuna ndalama kapena visa ayi, ana akutifunsa basi. Amene muli ndi makalata akale, zithunzi kaya buku la ubatizo la nthawi imeneyo chonde musataye, lijambuleni ndi foni mutumize kudzera kwa a Mkonzi tifananize ndi chithunzi chathuchi.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Linga, Nkhotakota