Chotupa cha m'mutu sichimodzi, zimatengera pomwe chamera

Akonzi,

Anthu akangomva zoti chotupa mu ubongo basi kuyamba kulira maliro munthu ali moyo, ndiye ndati ndilembeko za meningioma. Chimenechitu chimamera pa kachikopa kokuta ubongo osati mu ubongo mwenimwenimo, chimakonda azimayi kuposa azibambo, ndipo pa 10 zilizonse pafupifupi 8 ndi za giredi 1 (giredi yotsika kwambiri pa kuopsa), zokula mwaulesi.

Azakhali anga anayamba ndi kusamva fungo, chinthu kupserera pamoto iwo ali phee pomwepo, kenako khalidwe kusintha, ife kumati ndi ukalamba chabe. Sikani itabwera, chinali pansi pa chigaza kutsogolo pomwe pamadutsa misempha ya fungo.

Ndiye nkhani ili apa. Zomera pansi pa chigaza nthawi zambiri ndi zofatsa, majini ake osokonekera amakhala ngati TRAF7, AKT1, KLF4 kapena SMO (majini a chibadwa awa, osati enawo ayi), koma opaleshoni yake ndi yovuta chifukwa chimakumbatira misempha ya maso ndi ya magazi moti dokotala nthawi zina amasiyako kachidutswa dala kuopa kuti munthu angachite khungu. Pomwe zomera pamwamba pa mutu mpeni umafika mosavuta, komatu kumeneko ndi komwe kumachuluka zokhala ndi vuto pa NF2, jini ya pa chromosome 22 (kamodzi ka timitolo tosunga majini m'thupi), ndipo zaukali zobwereranso zimapezeka kwambiri kumeneko. Zosokoneza eti?

Kuyambira 2021 bungwe la zaumoyo la WHO limati chotupa chikapezeka ndi vuto pa jini ya TERT kapena chataya majini a CDKN2A/B onse, ndi giredi 3 basi, yoopsa kwambiri, olo chioneke chofatsa pa maikulosikopu. Azakhali fungo silinabwerere koma akuyenda okha.

Wowerenga wanu