A Sweeney anachokera ku Scotland, mbiri yawo tiifotokoze yonse

Akonzi,

Zikomo potipatsako nkhani za mbiri ya maiko akutali, koma pa za asilikali aganyu a ku Ireland aja ankatchedwa gallowglass pali mbali ina yomwe ndikufuna owerenga anzanga aidziwe, makamaka ya banja la Mac Suibhne lomwe masiku ano amangoti Sweeney.

Anthuwa kwawo kunali ku Knapdale, kumadzulo kwa Scotland, ndipo bwinja la linga lawo lamiyala, Castle Sween, lidakalipo m'mphepete mwa nyanja mpaka pano. Sanasamuke chifukwa chokonda nkhondo ayi, anachita kulandidwa malo. Pofika m'ma 1260 dera lawo linali litalowa m'manja mwa banja lina la ku Scotland, a Stewart a ku Menteith, nde mu 1310 mfumu Edward II ya England inauza John MacSween, wa banja lomweli la Sweeney, kuti Knapdale ndi yake bola akailande yekha, koma zinakanika, kenako Robert Bruce, mfumu ya Scotland, anagonjetsa Edward II pa nkhondo ya ku Bannockburn mu 1314 basi chiyembekezo chobwerera kwawo chinathera pomwepo. Tsono munthu wopanda munda koma ali ndi ngalawa, malaya achitsulo, nkhwangwa yachigwiriro chachitali ndi anyamata odziwa kumenya, akanagulitsa chani kuti ana adye?

Anakakhazikika ku Fanad, ku Donegal kumpoto kwa Ireland, nkumamenyera nkhondo mafumu a O'Donnell, malipiro ake ng'ombe, chakudya ndi malo. Banjalo linakula nkugawika patatu, a ku Fanad, a ku Doe komwe kuli Doe Castle, ndi a ku Banagh, ena anatsikira kumwera ku Cork kukagwira ganyu yomweyo kwa mafumu a MacCarthy.

Pomwe pandikhudza kwambiri ndi pa mndandanda wa makolo awo. Buku la banjali, Leabhar Chlainne Suibhne, lolembedwa m'zaka za m'ma 1500, limati iwo ndi zidzukulu za Anrothan, mwana wa Aodh Athlamhan wa fuko lachifumu la O'Neill yemwe anamwalira mu 1033, ndipo akuti Anrothan anachoka ku Ireland nkuwolokera ku Scotland. Vuto ndi loti mabuku a mbiri a nthawi ya Aodh samutchula Anrothan ameneyu, dzina lake likudzaoneka patapita zaka mazanamazana, nchifukwa chake akatswiri amagawanika, ena amavomera ena amakayika. Ine ndimaona kuti anthuwa anatopa nkutchedwa obwera pa dziko lomwe ana awo ankalifera, nde mndandanda uja unkanena kuti sitinabwere kudzapempha malo, tinangobwerera kwa agogo athu. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mlandu wa ufumu kuno kwathu akudziwa momwe dzina limodzi la gogo limasinthira mwini malo.

Komanso sanali omenya nkhondo okha. A ku Fanad anamangira ansembe achikatolika a gulu la Carmelite nyumba ku Rathmullan mu 1516, pa doko lomwelo pomwe mafumu O'Neill ndi O'Donnell anakwerera chombo mu 1607 kuthawa ulamuliro wa Angerezi, ndipo mafumu owalemba ganyu atapita ntchito ya nkhwangwa ija inalowa pansi.

Chonde mukadzalembanso za iwowa muyambire ku Knapdale, ndipo za Anrothan mudzanene kuti ndi momwe banjalo linkadzifotokozera lokha.

Wowerenga wanu,
ku Zomba