Mwana wanga akukana Chichewa, bambo ake akuti ndivule mpango

Alangizi,

Ndikulemba kalatayi pakati pa usiku kuchokera ku Montreal, m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo chonde musatchule dzina langa chifukwa Amalawi kuno ndife ochepa ndipo timadziwana. Ndine Msilamu wa ku Mangochi, mayi wa ana awiri, ndipo kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Ntchito imene ndikugwira kuno sindinena. Abale anga amadziwa kuti ndimagwira kuchipatala, ndipo adziwe zomwezo.

Vuto ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 14, kapena mwina vuto ndi bambo ake, amene pobwera kuno ananditsimikizira kuti Chingerezi chathu chitikwanira. Chigawo chino chili ndi lamulo la 1977, lotchedwa Bill 101, limene limafuna kuti ana a anthu obwera aziphunzira m'Chifalansa m'sukulu za boma mpaka kusekondale. Mwanayu anayambira m'kalasi yolandirira ana achilendo, ndipo lero amalankhula ngati wobadwira konkuno, pamene ine ndikulimbanabe ndi maphunziro a Chifalansa amene boma limapereka kwaulere. Ndikamuyankhula m'Chichewa amandiyankha m'Chifalansa, ndipo ndikayesa Chifalansa changa m'sitolo amasunthira kutali ngati sakundidziwa. Chondipweteka kwambiri n'chakuti lamulo lina la 2022 limati munthu wobwera akatha miyezi 6, maofesi a boma la chigawo azilankhulana naye m'Chifalansa, kupatula pa zina monga zaumoyo, choncho makalata okhudza ndalama za pakhomo amandiwerengera ndi iyeyo, uku akuusa moyo.

Mwezi wa January munthu wina anatibweretsera usipa wochokera kunyanja, ndipo ndinauphika ndi tomato, n'kukonza nsima ya ufa umene ndimakagula modula ku Côte-des-Neiges, dera lina la mumzinda uno. Mwanayu anatsegula mawindo onse m'chisanu choopsa chija, akuti jekete lake linunkha ndipo anzake akamuseka. Jekete limenelo ndinamugulira ndine, ndi ndalama za ntchito yomwe sinditchulayi, ndipo silinali m'khitchini n'komwe, linali pakhomo. Bambo ake anangoseka n'kumuitanitsira pitsa. Sabata yomweyo agogo ake anaimba pa WhatsApp, iye n'kuwapatsa moni wa mawu awiri basi, ndipo mayi anga anandifunsa ngati mwanayo akudwala. Ndinawayankha kuti ali ndi chimfine.

Tsopano amuna anga akuti ndasanduka chopinga m'banja. Akuti ndivule mpango wanga wa kumutu, ndilimbikire Chifalansa, ndipeze satifiketi ya uphunzitsi ya kuno. Lamulo la 2019, Bill 21, limaletsa aphunzitsi olembedwa kumene m'sukulu za boma kuvala zizindikiro za chipembedzo pa ntchito. Iwo akuti lamulolo silikulimbana ndi Asilamu okha poti mtanda, kachipewa ka Ayuda ndi nduwira ya Asikh nazonso n'zoletsedwa. N'zosavuta kwa iwo kunena zimenezo, popeza palibe chimene akuvula. Ngakhale dzina lawo analidula kale kuti anzawo ku ntchito asamavutike kulitchula. Amati tinabwera kudzakhala, osati kudzacheza.

Sindikudana ndi anthu a kuno ayi, ndipo ambiri andichitira zabwino. Aphunzitsi athu a Chifalansa anatifotokozera kuti anthu a kuno olankhula Chifalansa ndi ochepa pakati pa anthu mamiliyoni olankhula Chingerezi ku North America, ndiponso kuti mpingo wa Katolika unkalamulira sukulu ndi zipatala zawo mpaka m'zaka za m'ma 1960, n'chifukwa chake safuna chipembedzo m'zinthu za boma. Ndimawamvetsa, pakuti mantha amene ali nawo pa chinenero chawo ndi omwewo amene ndili nawo pa changa. Koma iwo ali ndi malamulo ndi sukulu zowathandiza, ine ndili ndi khitchini yokha, ndipo amene tikumulimbirana ndi mwana amene ndinamubereka ine. Mwina ndimamukalipira kwambiri, koma ndani sangakalipe mwana akamapatsira bambo ake madzi ali chiimire, ndi dzanja limodzi, alendo akuona?

Mchemwali wa bambo ake akuti timutumize ku Mangochi kwa chaka chimodzi akamulange. Kodi ndikatero sadzandida moyo wake wonse, nanga sukulu yake? Ndivule mpango kuti ndibwerere m'kalasi, kenako ndidzamuuza chiyani iyeyo pa za chipembedzo? Kapena ndingowasiya awiriwo ndi Chifalansa chawo, nditenge wamng'onoyu, amene akumvabe Chichewa, ndibwerere kumudzi? Ndiuzeninso ngati mwamuna amene amaseka mkazi wake akunyozedwa ndi mwana akuchita bwino, chifukwa iwo akuti ndikukulitsa nkhani ya usipa.

Ine mayi wosowa mtengo wogwira,
Montreal