Kalata ya Abusa kwa Makolo: Kanema, Mafoni ndi Ana Athu Ofuna Kutchuka

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Mvano, madodana ndi makolo nonse,

Chisomo kwa inu ndi mtendere wochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Sesheni yakhala pansi pa nkhani imene yatisowetsa tulo, ndipo yandituma kuti ndikulembereni. Atsikana ena a m'kwaya ya achinyamata, a Fomu 2 ndi Fomu 3, akhala akutumiza ndalama ndi zithunzi zawo kwa munthu wa pa Facebook amene anawalonjeza kuwalowetsa mumpikisano wa pa kanema. Maina sinditchula, ndipo aliyense amene ayambe kuloza zala ana a anzake kapena kuyendetsa nkhaniyi m'magulu a WhatsApp adzaitanidwa kusesheni. Anawa alakwa, inde, koma kalata ino ndalembera ife makolo, chifukwa njala yofuna kutchuka imeneyi yakulira m'nyumba zathu ife tikuonerera.

Za wansembe Eli Mulungu anati adzaweruza nyumba yake: "Chifukwa cha choipa anachidziwa, popeza ana ake anadzitengera temberero, koma iye sanawaletsa" (1 Samueli 3:13).

Sitinawaletse. Kanema amayaka kuyambira mwana akangoweruka kusukulu mpaka magetsi atathima okha. Bambo abwera madzulo afuna mpira, mayi afuna sewero la ku India lija la pa Zee World kuti aone ngati apongozi aja agwidwa lero, mwana wa Sitandade 5 ali pamkeka kumeza zonse. Akulu a milaga akudandaula kuti mapemphero a Lachitatu akuchepa anthu, ndipo ochepa obwerawo amayang'ana wotchi. Pali makolo pakati pathu amene angatchule mayina a anthu onse a m'sewero, koma dzina la mphunzitsi wa kalasi ya mwana wawo salidziwa. Musandiuze kuti ana a masiku ano ndi osamva. Rimoti munawapatsa ndinu, foni munagula ndinu, ndipo bandulo mumagula ndinu pofuna kuti akusiyeni mupume.

Akuluakulu mukukumbukira chaka cha 2003, Big Brother Africa itangoyamba, TV Malawi ili ndi zaka zinayi zokha. Nyumba ya Malamulo inaletsa kuti pulogalamuyo isaonetsedwe pa kanema wa boma, koma patangopita masiku ochepa khoti lalikulu linachotsa chiletsocho. Nthawi imeneyo kanema wa m'dziko muno anali mmodzi, komabe aphungu analephera kumutseka pakamwa. Lero pali DStv, GOtv, StarTimes, Kiliye Kiliye, ndi foni m'thumba la mwana aliyense. Palibe phungu, MACRA kapena mbusa amene adzalowe m'nyumba mwanu kudzathimitsa kanema. Ntchitoyo ndi yanu.

Muyenera kudziwa momwe mapulogalamu otere amapangidwira kuti muzitha kuwafotokozera ana. Anthu amatsekeredwa m'nyumba imodzi kwa masabata angapo, makamera akujambula usana ndi usiku. Pa maola 24 amenewo, okonza pulogalamu amadulamo timphindi tochepa ta ndewu, kulira, mowa ndi zachisembwere, chifukwa ndi zimene zimasunga anthu pampando, ndipo oonera akachuluka mtengo wa malonda umakwera. Amene wakhala mwaulemu tsiku lonse saoneka kawirikawiri m'timphindi timeneti. Mwana woonera amaphunzira kuti wosokosa ndi wovula ndiye amapatsidwa kamera. Big Brother Naija inalembedwa kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo nambalayo imaoneka pakona pa kanema wanu, monganso 13, 16 ndi PG. Eni ake anakuchenjezani kale, inu ndiye simuwerenga.

Za anthu otchuka a pa TikTok ndi Instagram, auzeni ana kuti chithunzi chimodzi chimasankhidwa pa zithunzi zambirimbiri, nkhope imasalazidwa ndi fyuluta, ndipo galimoto kapena chovala chikhoza kukhala chobwereka cha tsiku limodzi. Ambiri amalipidwa kuti aonetse mafuta oyeretsa khungu, mowa kapena juga ya mpira, ndipo sanena kuti alipidwa. Alipo oimba ndi ochita zisudzo amene amagwira ntchito yawo mwaulemu, amenewo sindikulimbana nawo. Luso ndi mphatso ya Mulungu. Ndikulimbana ndi "chilakolako cha thupi ndi chilakolako cha maso, matamandidwe a moyo" (1 Yohane 2:16).

Tsopano zochita, ndipo ziyambe sabata ino.

Pa dikoda, tengani rimoti mulowe mu Settings, mupeze pamene alemba Parental Control. Idzakufunsani PIN ya manambala anayi. Pa DStv yobwera nayo kusitolo ndi 1234, ndipo mwana aliyense wa m'tauni amaidziwa, choncho choyamba isintheni. Musaike chaka chimene munabadwa kapena manambala omaliza a foni yanu, ana amayesa zimenezo poyamba. Kenako sankhani msinkhu. Ngati m'nyumba muli ana a kupulayimale, ikani pa 13 kapena kutsika apo, chilichonse chopitirira chizifuna PIN. Musalekere pomwepo: tsekaninso payekhapayekha matchanelo a nyimbo ndi a mipikisano yokhala m'nyumba ija, chifukwa mavidiyo a nyimbo ambiri amadutsa ngakhale msinkhu mwauika. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti bambo amalemba PIN mwana ataima kumbuyo kwa mpando, kapena amayi amamutuma mwana yemweyo kuti "tanditsegulira tchanelo changa". Mukatero mwatseka chitseko n'kusiya kiyi pakhomo.

PIN ya dikoda sitseka fulashi. Kumbuyo kwa kanema kuli kabowo ka USB, ndipo filimu iliyonse yochokera kwa anyamata oika mafilimu kumsika imasewera popanda kufunsa msinkhu. N'chimodzimodzi memori khadi ya m'foni. Ikaniko nokha muone zimene zilimo, mwanayo ali pomwepo, osati mobisa. Amene mulibe kanema musadzione kuti mwapulumuka. Ana anu ndi amene amadzaza mabenchi a video show, kumene masana amaonetsa nkhondo zomasuliridwa m'Chichewa, koma kukada filimu imasintha ndipo pakhomo safunsa zaka. Ndalama ya mandasi imene mumapereka m'mawa, funsani kumene ikuthera.

Pa foni, Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13. Ngati wanu wa zaka 11 ali ndi akaunti, ndiye kuti ananama chaka chobadwa, ndipo mabodza amenewo ndi amene amachititsa kuti azionetsedwa za akuluakulu. Pa YouTube yatsani Restricted Mode. Pa foni ya Android pali Family Link, imene mumailumikiza ndi foni yanu kuti muike maola ogwiritsa ntchito ndi kuvomereza zimene mwana akufuna kuika. TikTok nayo ili ndi Family Pairing, mmene mungatsekere mauthenga ochokera kwa anthu achilendo. Zonsezi mwana wochenjera amazilambalala potsegula akaunti yachiwiri kapena kubwereka foni ya mnzake, ndiye lamulo losavuta ndi limene limagwira ntchito kuposa onse: ikakwana 8 koloko usiku mafoni onse a ana azigona kuchipinda kwa makolo. Mabandulo otchipa ndi a usiku, ndipo zoipa zambiri zimachitika m'bulangete nthawi imene inu mukuliza mkonono. Kanema asakhale kuchipinda kwa ana. Pa nthawi ya chakudya ndi ya pemphero la banja azithima, ngakhale Bullets ndi Wanderers zili m'bwalo. "Sindidzaika chinthu choipa pamaso panga" (Masalimo 101:3).

Za anthu olonjeza kutchukitsa ana, zizindikiro zawo n'zodziwika. Amafuna ndalama ya kalembera itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu, osati ya kampani. Amayamba ndi chithunzi cha nkhope, kenako cha thupi lonse, kenako cha zovala zamkati ponamizira kuti akufuna kuona thupi ngati likuyenera. Amati mayeso achitikira ku loji, ndipo amamuuza mwana kuti asauze makolo kufikira atapambana. Kanema weniweni amalengeza mpikisano pa tchanelo chake, ali ndi ofesi imene mungapiteko ndi miyendo, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 18 amafuna chilolezo cha kholo.

Ngati mwana wanu anatumiza kale zithunzi ndipo munthuyo wayamba kumuopseza kuti aziulutsa, musatumize ndalama ina, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga. Jambulani zonse pa foni, dzina la akaunti, nambala yolandira ndalama ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama inapita, mupite nazo ku Victim Support Unit kupolisi. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo ndikupempha ndi mtima wonse, musamumenye mwanayo kapena kumuthamangitsa pakhomo. Mwana woopa chikwapu amabisa, ndipo wobisa ndi amene chigawenga chimamudya bwino. Wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa malamulo a dziko lino, wolakwa wamkulu ndi uyo anapempha zithunziyo. "Kumuyenera iye kuti mphero yaikulu ikolowekedwe m'khosi mwake, namizidwe poya pa nyanja" (Mateyu 18:6).

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, makolo onse tikumane m'holo ya tchalitchi. Bwerani ndi foni ya mwana wanu itatchajidwa, ndipo amene mungathe nyamulani dikoda ndi rimoti yake. Achinyamata a komiti ya zoulutsira mawu adzakhala ndi kanema mmodzi woonetsera, ndipo adzathandiza banja lililonse kuika PIN. Abambo, musatume amayi okha. Akulu a milaga alembe maina a mabanja amene abwera ndi kupereka kwa mlembi wa sesheni Lamlungu m'mawa.

Komanso kiyibodi ya kwaya ya achinyamata inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo ana amene tikuwauza kuti achoke pa kanema ayenera kupeza choimbira akabwera kuno. Sesheni yagwirizana kuti banja lililonse lipereke K5,000 kudzera kwa mtumiki wa mlaga wake pofika Lamlungu lomaliza la mwezi uno. Landirani lisiti. Amene angathe kuonjezera kuti tigulenso chotetezera magetsi aonane ndi msungichuma.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi ana anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
m'malo mwa sesheni.